Nkhono m'galasi la agogo Zakeyu

Senderani kuno, inu a kukhomoko, mawu anga masiku ano safika patali. Iwe uli ndi mwana kumsanawe khala pansi, akalira umuyamwitse pomwepo, chifukwa ine ndikayamba sindibwerera m'mbuyo.

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, aNachisale, chimene chimayamba kundifika si nkhope yawo ayi, koma fungo: fungo la madzi ogona, obiriwira, losakanikirana ndi utsi wa makala a pambaula ndi sopo amene ankachapira malaya oyera a ntchito a amuna awo. Tinkakhala ku Marapodi, komboni ya m'tauni kutali ndi kwawo kwa agogo ku Nyasalande, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kofolera ndi malata a migolo, nthawi imene azungu anali atayamba kumanga katundu mmodzimmodzi, atamva kuti dziko likubwerera kwa eni ake. Amayi anga anandisiya kwa agogo ndili wamng'ono, ndiye kwathu kunali komweko.

Agogo aamuna, aZakeyu, anali khukhi kumayadi. Mzungu wawo ponyamuka anagawira antchito ake zinthu. Wosamala maluwa anapatsidwa njinga, wochapa anapatsidwa makina osokera, pamene agogo aakazi anali atasesa kale pakona poti makinawo adzakhale. Ife tinangoona amuna awiri akutsika m'njira yathu yamiyala, akuyenda ngati anyamula maliro, pakati pawo bokosi la galasi, aZakeyu kumbuyo ndi ndowa akuwachonderera kuti pang'onopang'ono.

M'bokosimo munali mchenga woyera, timiyala, udzu wa m'madzi wautali ngati tsitsi la mzungu, ndi tinsomba ta michira yamawangamawanga, tochepa kuposa matemba. Agogo aakazi anafunsa kuti tikula liti. AZakeyu anawauza kuti pamenepo tatha kukula. Anafunsa kaphikidwe kake. Anawauza kuti sitidyedwa, n'tongoyang'ana. Agogo anapukuta manja m'chitenje n'kunena kuti, "Chabwino. Mwabwera naye mkazi wamng'ono."

Ndipo mkazi wamng'onoyo analandiradi zonse. Analanda tebulo lathu limodzi lomwelo, pansi pa zenera limodzi lomwelo, mbale zathu n'kutsikira pansi. Kale agogo aamuna akaweruka ankanditulutsira m'thumba kansonga ka buledi. Tsopano kansongako ankakafikisa m'zala n'kuwazira tinsomba, ine ndikumeza malovu. Madzi osinthira ndinkakaimira ndine pamzere wa kupompi, ndipo ankayenera kuyamba aothera dzuwa, kuti a m'galasiwo asamve kuzizira. Ine ndinkasamba ozizira omwewo. Munthu wamkulu ankakhala pampando wopinda, chibwano m'manja, akuimbira nsomba nyimbo za kutchalitchi ndi mluzu. Agogo aakazi ankati kuchokera tsiku limene anawatsatira kuchoka ku Dedza pamwamba pa lole, munthuyo anali asanawayang'anepo nthawi yaitali choncho.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala banaMwila, mayi wamasiye wogulitsa vitumbuwa pokwerera basi, wamtali, wa mpata pakati pa mano, woseka mpaka nyumba yachitatu kumva. Ana onse a mumzere wathu ankabwera kudzasuzumira galasilo, koma ana amatopa. BanaMwila sankatopa. Dzuwa likapendeka ankatulukira atadzola mafuta onunkhira, n'kuwerama pambali pa agogo aamuna, mitu iwiri kutsala pang'ono kugundana.

"BaZakeyu, aka kofiira kanidziba ine," ankatero m'chinyanja chawo cha m'tauni. "Onani mwamene kabwelera."

Agogo aakazi ali panja ankapala poto ndi mchenga mwamphamvu, mpaka ndinkaopa kuti abooka.

Tsiku lina banaMwila anabwera ndi mbale yoyera yovundikira ndi kansalu koluka, atainyamula ndi manja awiri monga mmene mkazi amaperekera chakudya kwa mwamuna wake. Munali zomera za m'madzi zimene anakazula ku maenje akale okumbamo miyala, kuti tinsomba tipeze pobisala. Agogo aamuna anathokoza kambirimbiri. Agogo aakazi anatenga tsamba limodzi, n'kulitembenuza, n'kuona kunsi kwake tinthu tonanda ngati mamina, ta timadontho mkati. Iwo anakulira m'madimba, ankadziwa kuti amenewo ndi mazira a nkhono. Anabwezera tsambalo m'mbale, osanena kanthu. Patapita zaka ndinawafunsa chifukwa chake, ndipo anandiyankha kuti wamng'ono akayamba kudwala, wamkulu sathamangira kwa sing'anga.

Mwezi usanathe tinayamba kuona timadontho takuda tikuyenda pagalasi. Poyamba agogo aamuna anakondwera, ati zamoyo zawonjezeka. Kenaka timadonthoto tinakula, tinabala, tinadzaza pagalasi, pamiyala ndi pamasamba, moti munthu poyang'ana nsomba ankayamba wasuzumira pakati pa nkhono. Udzu wa mzungu uja unachita mabowomabowo ngati chitenje chodyedwa ndi njenjete. Madzi anayamba kununkha. M'mawa uliwonse asananyamuke agogo aamuna ankapinda malaya n'kutola nkhono ndi zala, zina kuziphwanyira pagalasi, koma pobwera madzulo ankapeza zina zitatenga malo. Kansomba kamodzi kanayandama chagada. Anakakwirira pansi pa mpapaya.

Usiku usanagwe tsiku limenelo, chitseko chili chotsegula, anthu akudutsa ndi zidebe, agogo aamuna ananena mawu aja. Anati nkhono sizigwa ndi mvula. Anati m'nyumba muno muli munthu amene wadana ndi galasili kuyambira tsiku loyamba, ndipo munthuyo akudziwa chimene anaikamo.

Agogo aakazi analowa kuchipinda, anayala chitenje chawo chachikulu, anaikamo zovala zawo, mpango wa kutchalitchi ndi mphika umene anachoka nawo kwa amayi awo, anamanga mfundo, n'kuika phukusilo pambali pa chitseko, poti aliyense wolowa alidumphe. Anandiuza kuti lole ya ku Nyasalande ikapezeka akupita, ndipo ine ndisankhe ndekha, kupita kumudzi kumene ndinali ndisanakuonepo kapena kutsala ndizitungira nsomba madzi. Kuphika ankaphikabe, kuchapa ankachapabe, koma mawu kwa amuna awo ankadzera mwa ine. "Uwauze agogo ako madzi ali kubafa." Munthuyo ali pomwepo, akumva.

Lamlungu titabwera kutchalitchi, banaMwila anatulukira atafumbata chinthu m'kapepala. Anati nkhono mankhwala ake ndi mchere, iwo amathira za kuseri kwa chimbudzi n'kusungunuka pomwepo. Agogo aamuna, munthu wothedwa nzeru, anachotsa chivundikiro cha galasi. Ine ndinayang'ana agogo aakazi ali pamkeka akusadzula nkhwani. Ankadziwa bwino lomwe kuti mchere wochuluka choncho upha nkhono, upha udzu, uphanso nsomba. Akanangokhala chete, mkazi wamng'ono akanafa ndi dzanja la mnzake, onse awiri n'kuchoka tsiku limodzi.

Koma kwa inu a masiku ano mchere amathira aliyense, ndi mlendo yemwe. Kale sizinali choncho. Mchere wa m'nyumba unali m'manja mwa mwini nyumba, chifukwa mkazi amene mayendedwe ake sukuwadziwa akathira mchere, amadula anthu: mwamuna amayamba kutsokomola, miyendo n'kutupa. Umenewo ndiwo mdulo.

Dzanja la banaMwila lili m'mwamba, agogo aakazi anadzuka.

"Mayi, dzanjalo libwerere."

"Ni va nkhono chabe, amama, si vakudya."

"Muli madzi, muli nsomba, muli masamba. Mukathira mchere, zimenezo ndi ndiwo. M'nyumba mwanga ndiwo amathira mchere ndine. Kapena mwayamba liti kuthirira amuna anga mchere, kuti ndidziwe?"

Ana amene anali pazenera anathawa kukauza amayi awo. BanaMwila anatsegula pakamwa, mpata wa mano uja n'kuoneka, koma kuseka sikunatuluke. Agogo aamuna, amene anali ndi kachifuwa ka fodya kuyambira kale, anatsokomola kamodzi, n'kudzigwira pachifuwa ndi mantha. BanaMwila anatuluka ndi mchere wawo, ndipo podumpha phukusi lija anapunthwa.

Pamenepo agogo analankhula ndi amuna awo mwachindunji. Anapisa dzanja m'madzi, koyamba chibwerere galasilo, n'kuzula chomera chimodzi cha ku maenje, n'kuwaonetsa mazira kunsi kwa tsamba. Agogo aamuna anayang'anitsitsa, n'kufunsa ngati anawaona tsiku lomwe lija.

"Munandifunsa?" anatero agogo.

Anazula zomera zonse za banaMwila n'kuzitaya padzuwa. Kenaka anatenga tsamba limodzi la nkhwani zimene ankasadzula, analiviika m'madzi otentha kuti lifewe, analimangirira kamwala ndi ulusi, n'kulitsitsa m'galasi dzuwa likulowa, nsonga ya ulusi ili kunja. M'mawa tsambalo silinkaoneka, linali lakuda bii ndi nkhono zikudya. Anakoka ulusi pang'onopang'ono, n'kulikutumulira m'mbale. Madzulo ena tsamba lina, m'mawa kukoka. Analetsanso buledi, ati nyenyeswa zotsala pansi ndizo zikunenepetsa alendowo, ndipo kansonga kaja kanabwerera kwa ine. Mazira otsala pagalasi ankawapala ndi kansungwi.

Mbale imene ankakutumuliramo inali ya banaMwila, ndipo mbale ya mnzako siibwerera yopanda kanthu. Itadzaza, agogo anaivundikira ndi kansalu kake koluka, anainyamula okha ndi manja awiri, n'kukaipereka pakhomo ndi ulemu wonse, ati zikomo potibwereka.

Galasi linayera, udzu unaphukanso, koma phukusi linali pomwe lija. Agogo aamuna anabwera ndi nkhuku yopepesera, agogo aakazi anailandira, anaiphika, tinadya, phukusi osasuntha. Anati mawu ananenedwa chitseko chili chotsegula, ndiye abwezedwe chitseko chili chotsegula. Munthu wamkulu anazengereza mpaka tinamva kuti lole yapezeka, inyamuka Loweruka. Lachisanu madzulo, azimayi akuchokera kupompi, anaima pakhomo atavula chipewa, n'kunena mokweza ngati akulengeza kutchalitchi: "ANachisale sanaike kanthu m'madzi anga. Pakamwa panga ndi pamene panalakwa." Agogo aakazi anandituma kuti ndimasule mfundo, mphika ndiubwezere pamalo pake.

Chimene palibe anachiyembekezera n'chakuti tinsomba tinazolowera dzanja limene linkabwera ndi tsamba. Agogo aakazi akangoyandikira, tinsomba tonse tinkathamangira kumbali yawo. Agogo aamuna akaimba mluzu, tinkangopitiriza zawo. Ndinawamva akudandaula kwa mnzawo wina kuti munthu unyamule chinthu kuchokera kumayadi, ena n'kungochilanda ndi nkhwani. Tsopano woyang'ana galasi nthawi yaitali anali agogo aakazi, ndipo wokhala panja akugogoda mpando ndi zala anali aZakeyu.

Galasilo linasweka pangolo tikusamukira ku Matero, tinsomba tinakhalako pang'ono m'beseni mpaka mphaka wa eni nyumba anatipeza. Ine ndinakwatiwa ku Chawama, ndipo amuna anga atafuna kuweta nkhunda ndinawauza kuti asankhe, ine kapena nkhunda. BanaMwila anakwatiwa ndi munthu wa kunjanji n'kusamukira ku George. Agogo aakazi anakhala mpaka tsitsi lonse mbuu, ndipo ku Dedza sanabwerereko.

Agogo aamuna ndiwo anatsogola, ndi chifuwa chawo cha fodya chija. Pamaliro pawo banaMwila anabwera, atakalamba nawonso, akulira kuchokera kumsewu. Agogo anawalandira bwino, anawapatsa malo pamkeka pambali pawo, analira limodzi. Koma itakwana nthawi yophikira anthu, banaMwila atadzuka kulunjika kumiphika, agogo anatukula mutu pakati pa misozi n'kuitana mayi wogawa ntchito.

"Awo apatseni chidebe," anatero. "Akatunge madzi."