Oyilo m'Damu la Apongozi

Ndinakwatira kufupi ndi kwa Nsaru, ndipo zaka zitatu zoyambirira ndinakhala pachikamwini. Apongozi anga aamuna anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wosalankhula zambiri. Kuseri kwa nyumba yawo, potsikira kudimba, anakumba okha damu laling'ono n'kuikamo makumba. M'mawa uliwonse ankapitako ndi mbale ya madeya, n'kuima m'mphepete kumaonerera nsombazo zikulimbirana.

Ine ndinali nditangogula njinga yamoto yakale yonyamulira anthu opita kwa Kabudula ndi ku Kasiya. Loweruka lina anthu onse apakhomo anapita kumaliro, ndiye ndinati ndisinthe oyilo. Ndinakankhira njinga pafupi ndi damu kuti ndikamaliza ndiitsukire pomwepo. Oyilo wakuthayo ndinamutchera m'beseni la mkazi wanga, lachitsulo, la maluwa ofiira. Ndikumanga bawuti, njinga inapendekeka padothi lofewa. Poiwakha ndinamenya beseni ndi chidendene. Linatsetsereka, n'kugwera m'madzi, n'kumira.

Ndinaima ndikuona oyilo akufalikira mpaka tsidya lina. Ndikanatha kuthamanga kukaitana anthu. M'malomwake ndinakwirira madontho akuda ndi dothi, ndinafufuta ndi nthambi pamene panadutsa matayala, n'kuliza njinga kupita kusiteji kwa Nsaru. Ndinakhala kumeneko mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwerera ndinapeza anthu atazungulira damu. Nsomba zina zinali zitayandama chagada, zina zikutulutsa milomo pamwamba.

“Akamwini, taonani izi,” anatero apongozi. “Kodi pochoka simunaone kanthu?”

“Ayi bambo, ine ndachoka m'mamawa.”

Kumtunda kwa dimba lathu kunali dimba la aneba, bambo wachikulire amene anali ndi injini yopopera madzi othirira nazale ya fodya. Iwo ndi apongozi anakanganapo kale pa za ngalande, choncho maso onse anatembenukira kumeneko. Apongozi aakazi anakuwa kuti mudzi wonse umve. Ngakhale apongozi aamuna, amene sindinawamvepo akukweza mawu, anauza aneba pamaso pa anthu kuti njiru yotere sinafunike. Aneba anangoti, “Si ine,” n'kubwerera kwawo. Ine ndinali pomwepo, ndikupukusa mutu ngati wodandaula nawo.

Kutacha linali Lamulungu, koma apongozi sanapite kutchalitchi. Tinatseka ngalande yotulutsa madzi kuti oyilo asatsikire m'madimba a anthu. Tinadula nsungwi yaitali n'kuikulunga masaka, ine kugwira uku, mkazi wanga uko, n'kumaikoka pang'onopang'ono pamwamba pa madzi kuti oyilo asonkhane pakona imodzi. Pamenepo tinkamwaza makoko a chimanga ndi udzu wouma, zikanyowa n'kuzivuula ndi lichero. Makoko atatha, apongozi anatulutsa katoni ya mapepala awo akale a kusukulu. Tinkawayala pamadzi, pepala n'kuda nthawi yomweyo.

Dzuwa litakwera, aneba aja anatulukira atasenza injini yawo.

“Ndi lichero simumaliza,” anatero osayang'ana munthu. “Tipope madzi apansiwa, nsomba zotsala tiziike m'migolo.”

Palibe anawaletsa. Madzi atatsika kufika m'mawondo, tinalowamo awiri, ine ndi iwo, kugwira nsomba. Tili chakumapeto, ndinaona akuima n'kupapasa pansi ndi phazi. Anawerama, ndipo mkombero wa beseni unatuluka pang'ono m'matope, maluwa ofiira aja akuoneka. Beseni limenelo mudzi wonse unkalidziwa, poti mkazi wanga ankapita nalo kumjigo tsiku lililonse.

Anandiyang'ana. “Ili ndi la kwanu, eti?” anafunsa motsitsa.

Iwo analiponda ndi phazi, kulibwezera m'matope, n'kupitiriza kugwira nsomba.

Ndinagwira nawo ntchito mpaka masana. Munthu amene ndinamusiya akutukwanidwa chifukwa cha ine ndiye anali kundibisira. Anthu atapita kukadya, ndinalowanso m'damu, ndinavuula beseni lija n'kukaliika pamapazi pa apongozi, amene anakhala okha pansi pa mtengo wa gwafa. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, mpaka za nthambi yofufutira ija.

Anayang'ana beseni lija. Kenako anati, “Nsomba si kanthu, akamwini. Koma mwandinamizitsa munthu.”

Analowa m'nyumba, anasamba, anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kundiuza kuti ndiwatsatire. “Kumeneko musakalankhule. Amene ndinalankhula dzulo ndine.”

Tinapeza aneba akutsuka paipi pakhonde. Apongozi anavula chipewa, ananjuta pabwalo, munthu wa imvi amene anaphunzitsa theka la mudzi, n'kupepesa mokweza kuti oyandikana amve monga anamvera dzulo lake. Dzina langa sanalitchule. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, maso ali pansi, ndipo aliyense wodutsa ankatha kuona yekha chimene ndinaimira pamenepo.

Mkazi wanga sanandilankhule masiku awiri. Atayamba kulankhula anangofunsa kuti, “Munkagwira nsungwi ija ndi ine mukudziwa?” Ndinavomera.

Damulo tinalisiya liume. Matope apamwamba onse ndinawapala ndekha ndi fosholo, n'kumakawataya kuchulu ndi wilibala, pafupifupi milungu itatu. Palibe anandituma, ndipo palibe anandithandiza. Mvula itagwa, madzi anadzazanso, aneba aja n'kubweretsa timbewu ta nsomba m'chidebe kuchokera kwa mbale wawo ku Namitete. Anapereka kwa apongozi, ine ndikuonera patali.

Chaka chotsatira tinasamuka kukamanga kwathu. Aneba aja anamwalira ndisanawapepese ndi pakamwa panga. Ndinkakumana nawo pamsika kwa Nsaru, iwo n'kuyamba kundipatsa moni, kufunsa za ana, ine n'kuyankha mwachangu ngati ndili ndi kasitomala wondidikira.