Lameck ndi Nkhunzi ya Mpikisano

Lameck wa ku Mkaika anasiya mpira kalekale, bondo litayamba kulira ngati chitseko chakutha. Pa unyamata wake anali goloboyi wa timu ya m'mudzi, koma mawu akuti mpikisano anayamba kuwamva kwa bambo ake, amene mpira sanaupondepo n'komwe. Iwo ankapikisana ndi anzawo pa dima, aliyense ndi khasu lake, kuona amene ayambe kutulutsa mzere. Kupikisana n'komweko, kulimbana kuti upose mnzako, kaya m'munda kaya pabwalo.

Chaka chatha matenda a nkhupakupa anamuphera ng'ombe imodzi mwa ziwiri zake. Ng'ombe imodzi siikoka pulawo, ndipo ana sadya madandaulo. Nyengo yolima inali pakhomo, munda uli gwaa, mutu utamuima. Ndiye anamva kuti wamalonda wina wa ku Katete waika nkhunzi ngati mphoto ya mpikisano wa mpira wa m'midzi.

Anapita kwa Evans, kaputeni wa timu, mwana wadzulodzuloli, mpaka kumuvulira chipewa.

"A Evans, ndibwezereni pagolo. Tikawina, nkhunziyo mundibwerekeko ndilimire, ndapota nanu."

"Tiwine kaye, amdala," anatero Evans. "Zinazo tizakambirana."

Lameck anamanga bondo ndi mphira wa njinga. Loweruka lililonse ankadziponya pafumbi, ndipo mkazi wake Yunesi ankamuthowa ndi madzi otentha uku akumunena kuti ndi nkhalamba yopanda manyazi. Pa fainolo ndi anyamata a ku Sinda zinafika pa mapenate, iye n'kugwira yomaliza ndi chifuwa.

Anthu anamunyamula m'mwamba, kuzungulira naye bwalo akuimba dzina lake. Ali m'mwambamo anaona nkhunzi ikukokedwera kuseri kwa sukulu. Anakuwa kuti amutsitse, anapalapata, koma ndani akanamumva? Kwathu kuno mphoto ya timu imadyedwa tsiku lomwelo, mudzi wonse, kuti pasapezeke wonena kuti wina wadyera anzake.

Pomwe ankamutsitsa, mpeni unali utadutsa kale. Evans anabwera akumwetulira, manja ali magazi okhaokha, atasenza mwendo wathunthu.

"Wanu uwu, amdala. Palibe walandira waukulu chonchi."

Lameck analandira ndi manja awiri nathokoza, poti anthu ankamuyang'ana. Misozi itayamba kutsika, anthuwo anaiyesa ya chimwemwe, ndipo anamuombera m'manja.