Injini ya Dona mu Lole ya Masamba

Bwana wa esiteti yathu ku Thyolo anagulira dona wake galimoto ya ku Amereka yosintha yokha magiya. Chitaganya chinali chisanathe. Misewu ya m'minda ya tiyi inaipha giya yake chaka chisanakwane, koma injini inali ya moyo. Lole yonyamula masamba nayo inali itafa injini, giya ili bwino. Bwana analamula kuti tilumikize injini ya dona ndi giya ya lole.

Ine ndinali makaniko wachiwiri m'galaja. Mkulu wathu anali bambo wachilomwe amene anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi ali mnyamata. Sankadziwa kulemba, koma ndiwo anandiphunzitsa kugwira sipanala. Ankanditcha mphwanga.

Anayang'ana injiniyo tsiku lathunthu, nati kwa bwana: "Ilibe pogwira kilatchi, ndipo mabowo a mabawuti sakukumana."

"Ukalephera, boyi, upita kukathyola masamba ndi akazi," anayankha bwana. Munthu ankamutcha boyiyo anali ndi zidzukulu.

Anadula chitsulo cha boyila yakale ya kufakitale, nachiboola kuti chikhale pakati pa injini ndi giya. Gudumu lolemera logwira kilatchi analichotsa ku injini yakufa ija, nalipala ndi tupa mpaka linalowa. Zinatenga masabata atatu.

Tsiku lokweza injini, tcheni chokwezera chinali kufakitale. Akuluwo anapempha kuti tidikire mawa. Bwana anakana, nati timangirire chingwe pamtanda wa denga. Kunali chiperoni, chingwe chili chinyontho. Ine ndinachigwira, iwo nalowetsa dzanja pakati kuti chitsulo cha giya chilunjike pabowo lake.

"Tsitsa pang'ono, mphwanga."

Chingwe chinanditerereka. Akuluwo sanakuwe. Ndinangomva kuti phwa, kenako anakhala pansi atagwira dzanja, zala zitatu zikulendewera ndi khungu.

Bwana atafika anayamba wagwada kuona ngati injini yang'aluka. Atapeza kuti ili bwino anafunsa kuti walakwitsa ndani. Ndinali ndi mkazi woyembekezera ndi nyumba ya esiteti.

"Amamveka kachasu kuyambira m'mawa, bwana," ndinatero.

Munthuyo anali mkulu wa mpingo, mowa sankaulawa. Anandiyang'ana, koma sananditsutse.

Anakhala kuchipatala masabata awiri. Ine ndinamanga mabawuti otsalawo, lole inalira bwinobwino. Loweruka azungu a maesiteti ena anabwera kudzaiona. Bwana anawatsegulira boneti, akuloza chitsulo cha boyila chija ngati anachiboola yekha. Ine anandipatsa ukulu wa galaja.

Akuluwo atatuluka m'chipatala anapeza kapitawo atawaikira katundu panja, poti nyumba inali ya anthu ogwira ntchito. Bwana anati lole iwaperekeze, ndipo woyendetsa ndikhale ine kuti ndiiyese pachitunda. Akazi awo anakwera kumbuyo ndi mphasa, mtondo ndi nkhuku ziwiri. Iwo anakhala pambali panga, dzanja lokulunga lili pachifuwa. Ankapita ku Thekerani kwa mwana wawo wamkazi.

Tinayenda mpaka pachitunda cha mabulugama. Pamenepo akuluwo anapendeketsa mutu kumvetsera injini.

"Chotsa phazi pa kilatchi. Uipsereza."

Ndinachotsa.

Bwana anati ndisapitirire malire a esiteti, choncho ndinaima pamene tiyi wathera. Ku Thekerani kunali kukadali kutali, mvula ikuwaza. Ndinatsitsa katundu. Mayi aja analavula malovu pafupi ndi phazi langa. Akuluwo anayesa kusenza mtondo ndi dzanja limodzi, unagwa, anayesanso. Ndinatembenuza lole ndisanaone ngati anautha.

Uthenga wa maliro awo unandipeza patapita zaka ziwiri, ndili pansi pa lole yomweyo kuthira girisi. Inali nyengo ya masamba ambiri. Sindinapemphe n'komwe chilolezo chopita.