Mbatata Imene Ndinakana ku Makokoba

Ku Makokoba konse, nyumba imene ndinkayankhulako Chinyanja inali imodzi yokha, ya achimwene Mbewe, anzanga a ku njanji. Kwina konse ndi "salibonani" basi, moni wa eni dziko. Lamulungu lililonse ndinkadya kwawoko.

Kenako khosi langa linayamba kutupa. Chinali chithokomiro. Thupi linkangozizidwa, ndipo chakudya chinkaima pakhosi. Ndinakulunga mpango dzuwa likuswa mtengo, n'kumanama kuti ndi chimfine.

Tsiku lina alamu, akazi awo a Mbewe, anandiikira mbatata yootcha. Ndinaopa kutsamwa pamaso pawo, maso ali tong'oo ngati chule.

"Ndakhuta, alamu," ndinatero, m'mimba mukulira.

Sabata yotsatira ndinakananso. Alamu anandiyang'anitsitsa, n'kunyema mbatatayo, n'kuidya okha ine ndikuona.

"Mwaona, alamu? Mulibe mankhwala. Ife si afiti."

Apa pankangofunika kumasula mpango basi. Chitsiru ine ndinaumangitsa, n'kuyamba kuyamikira malata a denga lawo.

Sanandiitanenso. Masiku ano Lamulungu ndimamwa phala lamadzimadzi m'chipinda changa ku komboni ya njanji, ndipo limatsika bwinobwino. Dzulo ndinalipatsa moni phalalo, kuti ndimve ngati Chinyanja ndikuchithabe.