Timu Yosaitanidwa ya ku Bundabunda

Tinanyamuka ku Bundabunda Loweruka m'mawa dzuwa lisanatenthe, atsikana khumi ndi atatu ndi aphunzitsi athu a zamasewera, Ba Njovu. Chaka chimenecho ndinali mu Giredi 11, ndipo ndinkayima pagolo. Masewera asanu ndi awiri a m'zoni yathu tinapambana onse. Koma komiti ya mpira wa masukulu, posankha matimu anayi okalimbirana chikho ku Silverest, inatenga masukulu akuluakulu okhaokha. Akuti ife tinkangomenya matimu a kumudzi, osewera opanda nsapato.

Ba Njovu anangoti, "Basi, chaka cha mawa." Koma theka la timu linali kumaliza sukulu, chaka cha mawacho kunalibe. Ndiye ine ndinachitapo kanthu. Ba Njovu ankatituma kukatchajitsa foni yawo pa sola ya ku mishoni. Lachitatu ndinasunga nambala yanga m'foni mwawo pa dzina lakuti "Komiti ya Bola", kenako ndinawatumizira uthenga wa Chingerezi chonona: timu yanu yaitanidwa, fikani teni koloko. Anauwerenga pa asembule. Sukulu yonse inaomba m'manja. Ine ndinaomba kuposa onse.

Pamsewu waukulu tinakwera kanta, lole ya matimati yopita ku Chongwe, K15 munthu mmodzi. Ife tinadzipanikiza pakati pa mabokosi, Ba Njovu anakhala kutsogolo atakumbatira thumba la majezi obiriwira amene masisitere anatisokera. Esnart, kaputeni wathu, anayambitsa nyimbo ya kwaya n'kuisintha mawu kuti ikhale ya mpira, oyera mtima onse anasanduka madifenda. Mpaka lero ndikamva fungo la matimati ophwanyika, ndimamva mawu ake aja akutengedwa ndi mphepo.

Ku Chongwe tinafika hafu pasiti eyiti. Tinagula vitumbuwa vya K1 ndi munkoyo kwa mayi wina wa pasiteshoni.

"Muyenda kuti imwe bana, na masokosi yatali so?"

"Kukatenga kapu, mami."

"Mukaitenga mubwere nayo kuno, nimweremo munkoyo."

Minibasi ya ku Silverest inali K20. Kondakita anatilongedza asanu pampando wa anthu atatu, akuti osewera mpira sanenepa. Pafupi ndi Ba Njovu panakhala bambo wina wa tayi, wopita ku Lusaka, chikwama cha laputopu pamiyendo. Atamva kuti sitinagonjepo, anachotsa magalasi.

"Manje mwamenya bandani?"

Esnart anawerenga masukulu onse ndi zala.

"Aba ba kuseri kwa phiri nibaziba," anatero bamboyo. "Babwera nayini chabe, goli wawo na mwana kumbuyo. Ine nikathamangisana na nkhuku zanga nikawina, ninshi ndine championi wa Zambia?"

Basi yonse inaseka. Ba Njovu anadikira kuti phokoso lithe.

"Bwana, bana basewera na bamene mwabapasa. Zoni sibasankha beka. Na komiti yaona, yatiitana."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa uthenga wanga. Bamboyo anauwerenga, nati, "Chizungu chabwino." Ndinayang'ana pawindo, kuwerenga nyumba zosafolera za m'mapuloti, kuti ndisaphulike ndi kuseka.

Tinafika teni isanakwane. Bwalo linali ndi mizere ya laimu yowongoka, ndipo magolo anali ndi maukonde. Kwathu mpira ukalowa pagolo umapitirira mpaka m'munda wa chimanga, woponya yemweyo n'kukautola. Pansi pa tenti panakhala bambo wamkulu wa komiti ndi pepala la maina.

"Bundabunda? Kulibe pa listi."

Ba Njovu anamupatsa foni mwaulemu, ndi manja awiri.

"Iyi nambala si yathu. Itumileni timve."

Ba Njovu anaimba nambalayo. Foni yanga inali m'sokosi ya kumanzere, ndipo kalelo inkalira ngati mbuzi. Mbuzi ija inalira kamodzi, kawiri. Anthu onse anayang'ana mwendo wanga. Ndinaona kuti pothawira palibe, ndiye ndinawerama, kuitulutsa, n'kuyankha.

"Halo, komiti."

Atsikana ena anagwa pansi ndi kuseka. Ba Njovu sanaseke. Anavula chipewa, napepesa kwa bambo wa komiti uja kawiri, kenako anatiuza motsitsa kuti tinyamule zikwama. Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Chimene chinandiluma ndi kuona thumba la majezi likubwerera paphewa pawo losamasula.

Ndinathamangira kumene timu ya sukulu yaikulu kuposa zonse inkadziwongola. Kaputeni wawo anali wamtali, nsapato zake zapinki.

"Ba sisi, bakuuzani chifukwa sitili pa listi? Ati imwe ndimwe munapempha. Ati muyopa."

"Kuyopa ndani? Imwe?"

"Ni vamene bakamba kwathu konse. Ine nenze kukukanirani."

Sanafunse zambiri. Anapita kwa kochi wake akulalata, kochi anapita ku tenti, ndipo anthu oonerera, amene mbuzi ija anali ataimva, anayamba kukuwa kuti, "Basewere! Basewere!" Bambo wa komiti anayang'ana wotchi, napukusa mutu.

"Maminiti teni uku, teni uku. Mukawina tizakamba."

Ba Njovu anamasula thumba okha.

Mpira woyamba sindinauone, ndinangomva ukonde kulira kumbuyo kwanga. Wachiwiri ndinaukhudza ndi nsonga za zala, unandipinda dzanja n'kulowabe. Atsikana aja ankapatsirana osayang'anana, ife tikuthamangitsa mithunzi. Titasinthana magolo, tinapeza kona. Esnart analumpha pakati pa ataliatali awiri, nauponya ndi mutu. Ukonde wawo unagwedezeka. Tinathamanga bwalo lonse, ine kuchokera kugolo kwanga, ngati chikho chili kale m'manja. Ba Njovu anaponya chipewa m'mwamba, chinakagwera pa tenti. Kenako atsikana aja anatimwetsa chachitatu, mluzu n'kulira. Zitatu kwa chimodzi.

Pobwerera tinakwera minibasi ina cha m'ma thu koloko. Titadutsa Chongwe, Ba Njovu anandiitana.

"Misozi."

"Ba Ticha."

"Mande uzakumba mugodi wa vinyalala. Ibili."

"Inde, Ba Ticha."

"Na pa chachitatu unachedwa kuchoka pa laini."

Anatembenukira kuwindo, koma mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Papita zaka ziwiri. Esnart akukama ng'ombe ku Palabana, ena anakwatiwa, Ba Njovu anapuma ntchito. Masewera asanu ndi awiri aja zigoli zake zinasakanikirana m'mutu mwanga, koma la ku Silverest ndimalikumbuka mphindi iliyonse. Anatiposa, n'zoona. Koma zimenezo zinadziwika pa udzu, titatuluka thukuta, osati papepala pansi pa tenti. Timu imene sinagonjepo muziitsegulira bwalo. Ngati n'kugonja, ikagonje yokha anthu akuona.

Maenje aja ndinakumba onse awiri. Akanati atatu, ndikanakumbanso.