Denga lodontha dala

Moni nonse, akumudzi ndi akuno.

Tangobwera kumene ku Terenure, konkuno ku Dublin, kwa banja lina la Chiyuda. Mwana wawo Miriam ali kalasi imodzi ndi Tadala wathu, ndiye anatiitana ku chikondwerero chawo cha Sukkot. Ndi chija cha misasa timawerenga m'Baibulo. Ine ndinkayesa chinatha kalekale.

Nyumba yawo ndi yabwino, yofunda, koma chakudya tinadyera kuseri, m'chisakasa chofolera ndi nthambi. M'kati munalendewera zokongoletsa za mapepala zimene ana anapanga kusukulu.

Tili pakati pa kudya, kamvula ka ku Dublin kaja kanayamba kuwaza. Bambo a Tadala mukuwadziwa, anathamangira ku galimoto kukatenga pulasitiki kuti afolere. Bambo a Miriam anawagwira mkono akuseka, amvekere, "Ayi, dengali liyenera kuonetsa kumwamba. Makolo athu analibe nyumba m'chipululu. Timatuluka dala kuti ana asaiwale."

Abale, timadontho tikugwera pa tebulo, ana akuimba, wodandaula palibe.

Ndinakumbukira kachipinda kaja ka ku hostel ya anthu osowa pokhala, komwe tinkagona anthu anayi tisanapeze nyumba ku Crumlin. Tadala anali wakhanda, ndipo mpaka lero timangomuuza kuti inali hotela. Anzathu amachita kumanga chisakasa chaka ndi chaka kuti ana aone.

Pobwerera Tadala wafunsa, m'Chingerezi chake chija, kuti nanga ife chisakasa chathu chinali kuti.

Amayi, achimwene, mukuti bwanji? Timuuze zoona za hostel ija?