Mkulu wa Mpingo ndi Masese a Mbuzi

Amuna anga atawachotsa ntchito ya ulonda kumafakitale, sanakhale pansi n'kumalira. Anapita kumsika wa ziweto kufupi ndi Chibolya, n'kubwerako ndi mbuzi zitatu pawilibala: tonde mmodzi ndi zazikazi ziwiri. Tinkakhala ku Kanyama, mu Lusaka, m'zipinda ziwiri za lendi, pabwalo limodzi ndi mabanja ena. Pabwalopo panali miyala, chimbudzi, chingwe choyanikapo zovala, ndi mtengo wa malubeni wa alandilodi. Udzu panalibe ngakhale wotokosera m'mano.

"Imwe, vizadya chani ivi?" ndinawafunsa.

"Mbuzi imadya vilivonse," anatero. "Ku Katete tenze kuziphikira?"

Kwathu ku Katete kuli tchire. Ku Kanyama chilichonse ndiye mapulasitiki, makatoni, sopo, ndi zovala zamkati za eni ake. Mlungu usanathe, mtengo wa malubeni unali wometedwa mpaka pamene tonde ankafika ataimirira ndi miyendo iwiri, ndipo pitikoti ya mayi wa khomo loyandikana nalo inatsala lamba wokha. Alandilodi anati tisankhe: khola kapena nyumba ina. Tinamanga khola la malata akale kuseri kwa chimbudzi, ndipo kuyambira tsikulo chilichonse cholowa m'kamwa mwa mbuzizo chinkabwera pamutu pa munthu.

Ine ndinkagulitsa ndiwo zamasamba kumsika, choncho ndinkabwera ndi masamba akunja a kabichi, repu wofota ndi makoko a chimanga chachiwisi. Mbuzi zinakondwa, koma mimba zake zinakana. Zinatsegula m'mimba mpaka bwalo lonse linatidziwa. Ogulitsa mbuzi anauza amuna anga kuti kabichi yekha ndi madzi, mbuzi imafuna udzu wouma woti izibzikula, gaga pang'ono, ndi kamchere. Amuna angawo anagula chikwakwa n'kumayenda m'mbali mwa njanji kufunafuna udzu. Koma unali mwezi wa Okutobala, udzu wonse unali utapsa, ndipo kuchigayo gaga ankalimbirana ndi oweta nkhuku. Mbuzi zinawonda, nthiti zili mizeremizere ngati malata a denga.

Amene anapeza njira ndi tonde. Tsiku lina anathyola khola, ndipo tinakamupeza tsidya lina la msewu, kwa mayi wina wofulula mowa wa chimanga, mutu uli m'dzenje lotayamo masese, zotsalira zija akasefa mowa. Mayiyo anaseka.

"Ba neba, aya masese nimataya chabe. Muzibwera na ndowa m'mawa, akalibe kusasa. Nkhumba zimanenepa nayo, nanga mbuzi ni ndani?"

Vuto linali limodzi. Amuna anga anali mkulu wa mpingo, ndipo kumpingo kwathu mowa sitimwa, sitigwira, ngakhale kuulonjera. Iwo ndiwo ankaima kutsogolo Lamlungu kudzudzula anyamata a m'mabala, chala chili m'mwamba. Anayesa kutuma ine.

"Awe," ndinatero. "Ine nimavala yunifomu ya azimai pa Chinayi. Mbuzi ni zanu, ndowa ni yanu."

Anapita okha. M'mawa uliwonse ankawoloka msewu ndi ndowa yovundikira, kapusi atatsitsira kumaso, akuyenda mofulumira ngati munthu wothamangira kuchimbudzi. Pobwera ankasakaniza masese ndi gaga, kuwaza mchere, n'kuikako udzu wouma pambali. Ndinene zoona, ana anga sanaphikiridwepo ndi atate awo, koma chakudya cha mbuzi bambo aja ankachitakasa ndi mthiko wanga, n'kumachinunkhiza ngati ndiwo za alendo. Ndipo chinagwira. Nthiti zinabisala, ubweya unayamba kunyezimira, tonde anamera khosi ngati la kondakitala wa minibasi.

Komboni ilibe chinsinsi. Anthu anaona ndowa, ena anamva fungo pathalauza pa nthawi ya mapemphero. Nkhani itafika kumpingo inali itakula: akuti mkulu uja amagula mowa wa ndowa yathunthu tsiku ndi tsiku, ndipo mbuzi ndi zophimbira chabe. Abusa anatumiza mawu kuti adzabwera kudzationa Loweruka masana ndi akulu awiri.

Apa ndi pamene amuna anga anaganiza mopitirira. Poopa kuonedwanso pamsewu, anatuta masese ambiri kamodzi n'kuwasunga m'chidiramu kuseri kwa khola. Masesewo anakhala m'menemo masiku angapo, padzuwa lotentha, akuwira okha. Loweruka m'mawa amuna anga anazindikira kuti chidiramucho ndi umboni, ndipo fungo lake linkafika mpaka pageti. Kutaya kunawawawa mtima. Anathira onse m'beseni n'kupatsa mbuzi, opanda gaga, opanda udzu.

Abusa anafika atavala suti yoyera ndi nsapato zosongoka. Ndinawayalira mipando pamthunzi wotsala wa malubeni, tinapemphera, kenaka iwo anayamba ndi mawu ofewa.

"Ba mkulu, tamvela vinthu. Sitinabwere kuweruza, tabwera chabe kumvetsetsa."

"Ba abusa, ine mowa sinaulawepo chibadwire," amuna anga anatero, dzanja lili pachifuwa. "Pano pa nyumba palibe chidakwa."

Asanatseke pakamwa, chitseko cha khola chinagwa. Tonde anatuluka akuyenda cham'mbali, miyendo yakutsogolo ikupita kumsika, yakumbuyo ikupita kutchalitchi. Anafika pakati pathu, anakhala pansi ngati galu, anayang'ana abusa m'maso, n'kugeya. Fungo lake linali la shabini yathunthu. Mmodzi wa akulu aja anatseka mphuno ndi mpango. Winayo, bambo wachikulire wochokera ku Linda, anayang'ana kumwamba, mapewa akugwedezeka.

"Uyu ni wa mpingo uti?" anafunsa.

Ine ndinathawira kuseri kuti ndikasekere kumeneko, koma ndinakapeza zosaseketsa. Yaikazi imodzi inali gone, mimba yakumanzere itatupa ngati ng'oma, ikupuma movutika. Ndinakuwa. Bambo wa ku Linda uja anavula jekete nthawi yomweyo. Anati ankaweta nkhumba ndi mbuzi, ndipo kutupidwa kotereku kumapha msanga.

"Amai, bweretsani saladi! Ba abusa, gwirani nyanga!"

Abusa athu anakulira ku Matero, ndipo ngakhale dzina la ntchito yawo ndi la kubusa, chiweto anali asanachigwirepo chili chamoyo. Anagwira nyanga ndi nsonga za zala ngati akugwira mbaula yamoto. Ndinabwera ndi botolo langa la saladiyo, mafuta ophikira, bambo uja anaimiritsa mbuzi, anaitsegula kukamwa n'kumathira pang'onopang'ono, kwinaku amuna anga akusisita mimba. Tinaiyendetsa kuzungulira bwalo, anthu a makomo onse atatuluka kudzaonerera. Kenaka mpweya unatuluka, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo zotsatira zake zinatera pa nsapato zosongoka zija. Pamene zonsezi zinkachitika, tonde anali atapeza jekete la bambo wa ku Linda pampando, akutafuna thumba lake mwaulemu.

Mbuzi inapulumuka. Suti yoyera ija sinapulumuke.

Titakhalanso pansi, amuna anga anafotokoza zonse, mutu uli pansi. Abusa anamvetsera akupukuta nsapato ndi chikatoni. Pomaliza anagamula kuti masese si tchimo kwa mbuzi, popeza mbuzi malo ake pa tsiku lomaliza ndi odziwika kale, kudzanja lamanzere, palibe chowonjezera. Koma mkulu wa mpingo woyenda mozemba ngati mbava, ameneyo akhale kaye pabenchi yakumbuyo mwezi wathunthu. Bambo wa ku Linda anatsalira pang'ono pageti n'kufunsa chapansipansi kuti mayi wa masese uja amakhala khomo liti.

Kuyambira pamenepo tinkapatsa mbuzi masese a tsiku lomwelo, pang'ono, titayamba taziika udzu. Mvula itagwa, udzu unamera m'ngalande monse ndipo ntchito inapepuka. Yaikazi ija inabereka ana awiri, alandilodi n'kunena kuti iwo anachititsa lendi kwa anthu, osati kwa famu. Zazikazi ndi ana ake tinazitumiza kwa mlamu wanga amene ali ndi kamunda kunja kwa tauni.

Tonde tinamugulitsa pa Khirisimasi kwa mnyamata wowotcha michopo, nyama ya mbuzi yapawaya, pafupi ndi bala ina. Amuna anga anakana kupita, akuti sangaone mnzawo pawaya. Ine ndinapita. Mnyamatayo anandipatsa nthuli zingapo papepala, ndi anyezi ndi tsabola, ndipo ndinadya nditaimirira pomwepo, pakati pa zidakwa. Inali yofewa, yonona bwino. Ndinapukuta milomo ndi chitenje ndisanalowe pageti, ndipo atandifunsa kunyumba ndinati nyama yake inali yolimba, sindinathe n'kumeza komwe.